Khonde Limene Bambo Magalasi Sanamange

Njerwa zinafika Lachinayi m'mawa. Lole itangochoka, Bambo Magalasi anatulutsa tepi yoyezera, zikhomo zinayi ndi chingwe, n'kuyamba kuyeza kutsogolo kwa shopu yawo. Anayeza mamita atatu kuchoka pakhomo kulowera kumsewu. Mmisiri anali atalonjeza kuti Lolemba adzayamba kukumba maziko.

Dzina limeneli anawapatsa ndi anthu, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ankadula magalasi a mawindo pa msewu waukulu wa mashopu m'tauniyo. Akazi awo ankasoka makatani m'shopu momwemo. Makasitomala ankaseka kuti banja limeneli n'lochenjera: mwamuna akuikira galasi kuti uziona kunja, mkazi akubwera ndi katani kuti akutsekerenso.

Koma makina osokera anali atakhala chete kwa chaka ndi theka. Mayiwo anadwala sitiroko, ndipo mkono ndi mwendo wakumanzere zinafooka. Tsopano ankayendera njinga ya olumala. Kuyenda kwawo kunali kochoka pabedi kupita pawindo la chipinda chakuseri kwa shopu, ndipo windolo linkayang'ana khoma la nyumba ya eni ake. Kunja sakanatha kutuluka. Pakhomo panali masitepe atatu, kutsogolo kwake ngalande yosavindikira yowolokera pa thabwa, kenako magalimoto oimikidwa mwachisawawa.

Tsiku lililonse amuna awo akawabweretsera tiyi, mayiwo ankafunsa kuti, "Kunja kuli bwanji lero, bambo?" Iwo ankafotokoza amene wadutsa, amene watsegula shopu yatsopano, amene wayambana ndi mnzake. Akatuluka m'chipindamo mtima unkawawawa. Ndiye anaganiza zowamangira khonde lotchinga bwino, loti azikhala n'kumadzionera okha.

Akukhoma chikhomo chachitatu, kunatulukira mnansi wawo wometa tsitsi, chipeso chili m'thumba la malaya.

"Achimwene, mwayamba kulima pamsewu?"

"Ndikuwamangira khonde alamu anu. Atopa n'kuyang'ana khoma."

Wometayo sanaseke monga mwa masiku onse. Anayang'ana chingwecho, kenako anayang'ana msewu.

"Kukhonsolo mwapitako?"

"Kukatani? Pakhomo ndi panga pano."

"Pakhomo m'panu, koma pamene mwakhoma zikhomopa sindikukhulupirira. Simunaone chidziwitso amata pamalo okwerera basi paja? Akonza pulani ya msewu wathuwu, ya zaka khumi ndi zisanu. Akuti aliyense apite akaione."

"Mapulani a m'maofesi timawadziwa. Amathera m'kabati."

"Mwina. Koma safunsa anadya phula, achimwene. Msuweni wanga wogulitsa matayala anawonjezera shedi osafunsa, msewu wakwawo utayamba kukonzedwa anaigwetsa ndi manja ake omwe. Tiyeni mawa tipitire limodzi. Mitu ya anthu idikira, tsitsi silithawa."

Bambo Magalasi anavomera monyinyirika, pongofuna kuti mnzawoyo asiye kulongolola.

Ku ofesi ya mapulani anawalandira mayi wina wa magalasi a m'maso. Anatambasula chipepala chachikulu patebulo, n'kuchitsamiritsa ndi makapu awiri kuti chisapindike. Msewu wonse unali pamenepo, kuyambira pa mphambano ya kuchipatala mpaka kumsika. Bambo Magalasi anapeza shopu yawo mosavuta, kabokosi kakang'ono kachisanu ndi chiwiri kuchoka pakona.

"Malo anu akuthera pamzere uwu, pamene pali khoma lanu lakutsogolo," anatero mayi wa mapulaniyo. "Mamita atatu amene mwayezawo ndi a anthu onse. M'gawo loyamba, pasanathe zaka ziwiri, tidzavindikira ngalande n'kuika njira ya oyenda pansi. M'gawo lachiwiri magalimoto azidzaima kuseri kwa mashopu, ndipo tidzakonza malo okwerera basi. M'gawo lomaliza tidzamanga malo abwino a ogulitsa m'mbali mwa msewu. Chilolezo cha khonde pamenepa sitingakupatseni, bambo. Mukamanga chonchobe, mudzauzidwa kuti mugwetse."

Bambo Magalasi atayankhula, mawu anatuluka otsika.

"Mayi, inu mukuwerenga zaka khumi ndi zisanu. Akazi anga akuwerenga masiku. Chaka ndi theka sanauone msewu umenewu, pamene akugona mamita khumi okha kuchoka pamenepo."

Anafotokoza zonse, za matenda, za njinga, za windo loyang'ana khoma. Mayi uja anamvetsera osawadula mawu. Kenako anakoka pepala lina losonyeza mmene njira ya oyenda pansi idzaonekere.

"Taonani ichi. Mwina chingakutonthozeniko mtima."

Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyeza zinthu saona chithunzi chokha, amaonanso manambala. Bambo Magalasi anaika chala pa kanambala kena.

"Njirayi yakwera masentimita makumi awiri pamwamba pa msewu. Nanga timisewu ting'onoting'ono tolowa m'makwalala tikaidula, munthu wa njinga atsika bwanji, akweranso bwanji?"

Mayi wa mapulani anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anatsatira njirayo ndi pensulo kuchokera kumtunda mpaka kumunsi.

"Malo otsetsereka taika pa mphambano ya kuchipatala ndi kumsika basi," anatero pang'onopang'ono. "Pakati ponsepa palibe. Mwaona zoona, bambo. N'chifukwa chake pulaniyi sinadindidwebe. Ife timajambula tili patebulo, inu ndi amene mumaudziwa msewu. Loweruka la sabata yamawa kuli msonkhano wa anthu onse ku holo. Zimene zidzanenedwe kumeneko zidzalembedwa, ndipo tiyenera kudzayankha chimodzichimodzi. Mudzabwere."

Asanatuluke, anawapatsa fomu. "Kutsogolo simungamange, koma mkati mwa malo anu mukhoza kusintha zambiri. Mukajambule zimene mukufuna, mudzabweretse tidzaone limodzi."

Ntchito yovuta inali kunyumba. Masana amenewo Bambo Magalasi anazula zikhomo zija, n'kukulunga chingwe, n'kulowa kuchipinda chakuseri. Anakhala pamphepete pa bedi, chipewa chili m'manja.

"Mayi, khonde lija lalephereka. Ndinakulonjezani, koma ndalephera."

Anafotokoza za mzere, za magawo atatu, za msonkhano. Akazi awo anamvetsera mpaka kumapeto. Chiyambire matenda aja ankayankhula mochedwa, liwu lililonse ankachita kulisankha.

"Bambo, kodi khondelo ndinakupemphani ndine?"

"Ayi, koma ndimaona mmene mukuvutikira."

"Mumaona, inde. Koma simunandifunse." Anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kuwagwira dzanja. "Sindinafune kukugwetsani mphwayi, poona mmene munasangalalira ndi njerwa zanu. Khonde ndi chipinda chinanso, bambo, kungoti chili ndi mphepo. Ine sindikufuna kuonerera anthu akudutsa. Ndikufuna kudutsa nawo."

Bambo Magalasi anayang'ana pansi. Zaka makumi atatu ali limodzi, koma funso laling'ono ngati limeneli linawadutsa.

"Ndikakunenerani zimenezi ku msonkhano," anatero.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipita ndekha. Mundichapire diresi yobiriwira ija."

Tsiku la msonkhano, wometa ndi anansi ena awiri anathandiza kuwatsitsa pamasitepe ndi kuwawolotsa ngalande. Atafika ku holo anapezanso masitepe asanu pakhomo, ndipo anawanyamulanso. Mkati munali modzaza. Eni mashopu ankadandaula kuti magalimoto akamaima kuseri makasitomala adzathawa. Oyendetsa mabasi ankafuna malo okulirapo. Ogulitsa zipatso ankafunsa kumene adzakhale ntchito ikamadzachitika. Mayi wa mapulani ndi anzake ankayankha, zina n'kumalemba.

Kenako mayi a makatani anakweza dzanja lawo lamanja. Bambo Magalasi anawagwirira chimkuzamawu.

"Ambiri muno mukundidziwa," anayamba motero. "Makatani a m'nyumba zanu ndinasoka ndine. Ena mumaganiza kuti ndinasamuka. Sindinasamuke, ndili pomwepaja. Kuti ndifike muno lero, andinyamula amuna anayi ngati kabati."

Anthu anaseka, koma kusekako sikunapite patali.

"Njira mwajambulayi ndi yokongola. Koma ikamangidwa mmene ilili, ine ndidzayenda kuchoka pakhomo panga mpaka pakona, n'kubwerera. Sitepe imodzi kwa inu si kanthu. Kwa ine ndi khoma. Ndipo musaganize kuti ndikudzinenera ndekha. Nanenso kale ndinkathamangira basi ngati inu nomwe."

Kenako anaimirira bambo wina wonyamula katundu pa wilibala, nati nayenso sitepe imeneyo idzamuthyola msana. Mphunzitsi wina wosaona anapempha kuti zikwangwani za mashopu zisamaikidwe pakati pa njira. Mayi wina woyembekezera anafunsa ngati sipangakhale mabenchi, poti kuchoka kumsika kukafika kuchipatala ndi mtunda. Zinthu zimene aliyense ankangodandaula yekha mumtima zinatuluka tsiku limenelo, ndipo zonse zinalembedwa. Asanabalalike anasankha komiti ya anthu asanu yoti izitsatira ntchitoyo. Wometa analowamo, poti pakamwa pake sipatopa.

Patatha miyezi iwiri, pulani yokonzedwanso inamatidwa kukhonsolo ndi pamalo okwerera basi. Bambo Magalasi anapita ndi magalasi awo owerengera. Pakona iliyonse panali malo otsetsereka. Panali mabenchi asanu ndi limodzi, ndi lamulo loti njira isatchingidwe ndi katundu. Si zonse zimene anthu anapempha zinalowa. Oyendetsa mabasi sanapeze malo aakulu amene ankafuna, koma chifukwa chake chinalembedwa poyera kuti aliyense awerenge.

Podikira, banjali silinangopinda manja. Ulendo uno Bambo Magalasi anayamba afunsa akazi awo, kenako anajambula, n'kupita nazo kukhonsolo. Chilolezo chitatuluka, mmisiri anakulitsa chitseko cha pakati pa chipinda ndi shopu, n'kugwiritsa ntchito njerwa zija pokonza potsetsereka mkati mwa khomo, potsatira msinkhu wa njira yodzamangidwayo umene mayi wa mapulani anawapatsa. Windo lakutsogolo analitsitsa, ndipo galasi lake analidula okha mwini wake. Mayi anabwerera m'shopu. Kusoka sakanathanso, koma ankalandira makasitomala, kuwasankhira nsalu ndi kulangiza telala amene anamulemba ntchito.

Ntchito ya msewu inachedwa ndi miyezi isanu. Komiti inapita kukhonsolo katatu kukafunsa, mpaka mathirakitala anafika. Kunali fumbi ndi phokoso, ndipo masabata ena makasitomala ankachepa. Tsiku lina wometa anapeza amisiri akuika sitepe pakona pamene pulani inanena potsetsereka. Anathamangira kukatenga pepala lija, nawasonyeza, ndipo anakonza simenti isanaume.

M'mawa wina wa Lachiwiri, zotchinga zonse za amisiri zitachotsedwa, Bambo Magalasi anatsegula chitseko n'kukankha njinga ija. Matayala anatsika potsetsereka paja n'kugunda njira yatsopano popanda kugwedezeka. Panalibe wowanyamula.

"Tilowere kuti, mayi?"

"Kumanja. Ndipo musathamange, bambo, simukuthamangitsa basi. Ndikufuna ndione chilichonse."

Sanapite patali asanaimitsidwe. Wogulitsa penti anatuluka manja ali mbuu, kudzawapatsa moni. Mayi wa ku famasi anawakumbatira misozi ili m'maso. Ana a sukulu amene mayiwo anawasiya ali ang'onoang'ono anali atatalika moti anachita kufunsa kuti ndi ana a yani. Pakona yoyamba Bambo Magalasi anachepetsa liwiro mwachizolowezi, koma njinga inatsika bwinobwino, n'kuwoloka, n'kukweranso mbali inayo.

Atafika pa benchi yachiwiri, mayi anati aime.

"Mwatopa?" anafunsa bambowo.

"Ine ayi. Mwatopa ndinu, ndikumva mmene mukupumira kumbuyoku. Khalani pansi."

Anakhala. Mtengo umene unabzalidwa pambali pa benchiyo unali usanafike n'komwe m'chiuno mwa munthu, ndipo mthunzi wake sukanakwana ngakhale nkhuku. Awiriwo anakhala padzuwa pomwepo, phewa ndi phewa, anthu akudutsa n'kumawapatsa moni.

"Gawo lachiwiri akuti msonkhano wake uliko mwezi wamawa," anatero mayi. "Mabasi aja alinso ndi masitepe. Tidzapite."

Bambo Magalasi anaseka mpaka kupukuta m'maso. "Tidzapita, mayi. Tidzakhale kutsogolo."

Tauni simangidwa tsiku limodzi, ndipo pulani ya zaka zambiri imakhudza pakhomo pa aliyense. Musanamange kapena kuwonjezera chilichonse m'mbali mwa msewu, pitani kukhonsolo mukaone pulani ndi kutenga chilolezo. Mukamva kuti kuli msonkhano wa mapulani, musatume wina. Pitani nokha mukanene zimene mukuzidziwa, pepala lisanadindidwe. Ndipo ntchito ikayamba, itsatireni mpaka ithe, chifukwa msewuwo ndi wanu.