Chiphaso cha Alamu

Mchemwali wake wa mmisiri wowotcherera zitsulo anakana mpando. Anaima pakati pa shopu, nsapato zake zoyera zitaponda tizidutswa ta zitsulo, chikwama atachikumbatira pachifuwa ngati walowa m'nyumba ya akuba.

"Achimwene, mwachitadi zimenezi? Mwakasumira alamu anu ku bungwe la ziphaso za makontilakitala?"

Wowotchererayo anali atakhala pa chitini cha penti, akupala dzimbiri pa loko wakale. Ntchito yeniyeni analibe. Pakona pamene pankakhala makina ake owotcherera panangotsala fumbi, chifukwa mwini sitolo ya zitsulo anadzawanyamula pa ngongole ya mapaipi.

"Sindinawasumire, achemwali. Ndangokadandaula. Akawaopseze pang'ono, andipatse zanga, nkhani ithe."

"Kuopseza? Kumene kuja salipiritsa munthu, amalanda chiphaso! Popanda chiphaso alamu anu sangapatsidwe ngakhale ntchito yomanga chimbudzi. Ana aja amakuthamangirani kuti amalume, amalume, adzadya chiyani?"

Zimenezi wowotchererayo sankazidziwa. Iye ankayesa kuti bungwelo lili ngati mkulu wa pabanja, amene amakalipira wolakwa kenako nkumuuza kuti apise m'thumba. Loko uja anamuika pansi.

Mlamu wakeyo, mwamuna wa mchemwaliyo, anali kontilakitala wa zomangamanga. Atapeza ntchito yomanga malo ogona ana pa sukulu ina, anamupatsa wowotchererayo mawindo onse, zitseko ndi zitsulo zotchinga mbava. Wowotchererayo atatchula za kulemberana, mlamuyo anaseka mpaka misozi. "Pachibale pathupa? Alamu, mukufuna kundichititsa manyazi?" Choncho zitsulo anakongola m'dzina lake, ntchito anaigwira usiku ndi usana, koma malipiro anasanduka nyimbo. Eni sukulu sanalipire, bwerani mawa. Cheke chachedwa ku banki, bwerani mawa. Amisiri onse a pamalopo anafika pomutcha mkuluyo kuti a Mawamawa. Tsiku lina wowotchererayo atapita kukakonza chitseko chimene chinkakhula pansi, mkulu wa sukuluyo anamuuza mosabisa kuti iwo anamaliza kulipira kalekale. Sabata yomweyo a Mawamawa anatulukira ndi galimoto yatsopano.

"Pa tsiku la mlandu mukangonena kuti anakulipirani," anatero mchemwaliyo, mawu atatsika. "Ndalamazo ndidzakupatsani ine pang'onopang'ono. Amayi atamwalira anakulerani ndani? Ku sukulu ya zowotcherera anakulipirirani ndani? Sindinakupempheni kanthu chibadwire. Lero ndapempha."

Zonsezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. Wowotchererayo anangomuperekeza mpaka pamsewu, akudziuza mumtima kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pofika tsiku la mlandu anali atatsimikiza kuti akanama.

Pa benchi ya pakhonde la ofesi ya bungwelo anapeza mayi wopenta, amene anapaka penti nyumba yogona ana ija, naye osalandira kanthu. Anali atavala diresi lake labwino, koma m'zikhadabo munali mukadali penti yobiriwira.

"Mwawaona anzathu?" anatero mayiyo akuloza a Mawamawa ndi mlomo. "Avala suti. Ndiye kuti mawa lija lafika lero."

Wowotchererayo anayesa kuseka, koma zinakanika. Mayiyo anamuyang'anitsitsa.

"Musandiuze kuti akunyengererani. Bambo, mukabwerera m'mbuyo inu, ine nditsala ndekha, ndipo adzati mayiyu ndi wolongolola chabe. Ine mwana wanga anamubweza ku sukulu. Anzanga amene ndinawatenga kuti andithandize kupenta sandipatsanso moni, akuti ndinadya ndekha."

Anawaitana kulowa. M'chipindamo munali tebulo lalitali, kuseri kwake kutakhala anthu atatu, wapampando ali bambo wa imvi wolankhula mosathamanga. Mchemwali uja anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

A Mawamawa analankhula bwino, paja pakamwa ndi pamene anadalitsidwa. Anati penti ya mayiyo inayamba kusuluka isanathe n'komwe miyezi iwiri, ndipo ntchito yotero munthu sangailipire. Mayiyo anadzuka kuti atsutse, koma anamuuza kuti adikire nthawi yake.

"Nanga za wodandaula winayu?" anafunsa wapampando.

"Aaa, awa ndi alamu anga, bwana. Tinathana kunyumba, zonse ndinawapatsa. Ndipo kunena zoona, ntchitoyo ndinangowapatsa powamvera chisoni, ankangokhala. Mukudziwa inu, chibale ndi fupa, sichiola. Afunseni, akuuzani okha."

Ananena zimenezi osatembenuka n'komwe, ngati munthu woitana galu wake amene akudziwa kuti abwera basi.

"Bambo," anatero wapampando, "funso ndi limodzi. Munalipidwa?"

Wowotchererayo anacheuka. Mchemwali wake anagwedeza mutu pang'ono, maso atadzaza misozi. Pambali pake mayi wopenta anali atawerama, akupotokola nsonga ya mpango wake. Bodza lija linali kale pa lilime, lokonzeka bwinobwino, koma anaona kuti akalitulutsa, mayiyo atuluka m'chipindamo ali wabodza ndi iyeyo.

"Ayi, bwana," anatero motsitsa.

"Kwezani mawu."

"Sindinalipidwe. Ngakhale khobidi."

Kumbuyo kunamveka mpando ukukhula, kenako chitseko. Sanacheuke, ankadziwa amene watuluka.

Chigamulo sichinachedwe. Chiphaso cha a Mawamawa anachiimitsa, ndipo dzina lawo analichotsa pa makontilakitala ololedwa kupikisana pa ntchito mpaka atalipira amisiri onse. Wowotchererayo anafunsa mwaulemu kuti nanga ndalama zake akazilandira kuti. Wapampando anamuyankha mokoma mtima kuti za ndalamazo n'za kukhoti, iwo mphamvu yawo imathera pa chiphaso. Anatuluka manja ali m'thumba, m'thumbamo mulibe kanthu. Mayi wopenta anamugwira dzanja, ndipo aliyense analowera kwake.

Sipanapite nthawi, anamva kuti ntchito ina yaikulu imene a Mawamawa ankayembekezera yapatsidwa kwa wina, ndipo galimoto ija aigulitsa. Ku foni mchemwali wake sankayankha. Wowotchererayo anayamba kugwira maganyu pa shopu ya mnzake, ndipo atalandira kangachepe anagula malalanje ndi shuga n'kupita kwa mchemwali wakeyo masana ena.

Anagogoda pa geti. Mkati munamveka mawu a mtsikana wamng'ono wa m'nyumbamo, "Ndani?"

"Ndine, mwanawe."

"Amama, ndi amalume!" Timapazi tinathamangira ku geti, chitsulo chotsekera chinayamba kulira.

"Siya pamenepo. Bwerera kuno." Anali mawu a mchemwali wake, osakweza, osanjenjemera. Timapazi tija tinabwerera pang'onopang'ono.

"Achemwali, ndine," anatero wowotchererayo. "Ndabwera kudzakuonani chabe."

Anadikira padzuwapo, jumbo ili m'manja, kenako anawerama kufunafuna kampata koti asuzumire, aone ngakhale nsalu yake yokha. Getilo analiwotcherera yekha, inali mphatso yake pa ukwati wawo, ndipo anasankha chitsulo chokhuthala kuti mlongo wake azigona mosaopa. Analipanga bwino kwambiri. Linalibe mpata paliponse.