Thengo Lomwe a Khalidi Sanalime

Anthu obwera ku sadaka anali asanamalize kupinda mikeka pamene Tahiru anayambitsa nkhani ya thengo. Analankhula motsitsa mawu, akuuza amalume ake a Fakiri, koma mlongo wake Zahra anamva ali pakhomo la khitchini, ndipo anatula pansi mbale zomwe ananyamula.

Thengolo linali kumtunda, kutali ndi nyanja, m'mphepete mwa mpanda wa nkhalango yosungirako nyama. A Khalidi, bambo awo omwe anali atangoikidwa kumene m'manda, analandira malowo kwa makolo awo koma moyo wawo wonse sanaponyepo khasu. Oyandikana nawo anadula mitengo, anawotcha makala, anabzala chinangwa. La a Khalidi lokha linatsala lili chilili.

"Dothi la pamanda silinaume, achimwene, inu mwayamba kale kunola nkhwangwa?" anatero Zahra.

"Inu mawa mukwera basi kubwerera ku Salima, achemwali. Ine nditsala pano ndi ana anga komanso amayi. Dimba langa mwaliona?"

Analionadi. Nyanja inakwera n'kumiza dimba lonse la mpunga, moti pomwe Tahiru ankawokera mbande tsopano pankadutsa mabwato. Komabe mtima wa Zahra unakana.

Amayi awo, a Mwanahalima, anali m'nyumba pa eda, masiku omwe mkazi wamasiye satuluka pakhomo. Anamva zonse koma sanaikire kumbuyo aliyense. Anangowaitana n'kuwafunsa kuti anapondako liti kuthengoko, ndipo onse awiri anavomera kuti n'kale, akadali ana. Amayiwo anati apite kaye akalione limodzi ndi amalume awo, zolankhula zibwere pambuyo.

M'mawa mwake Zahra anadzutsidwa ndi fungo la mtedza wokazinga. Anapeza amayi ake atakhala pakhonde la kuseri, akumanga kamba monga ankachitira a Khalidi akamapita kosaka: makaka ophika, mtedza, usipa wowamba, ndi mchere wosinja pamodzi ndi tsabola m'kabotolo kakale ka mankhwala. Manja awo ankagwira okha, osayang'ana.

"Ndapezeka kuti ndamanga wa anthu anayi," anatero amayiwo, akuseka pang'ono. Sanachotse kanthu, ndipo Zahra sanawauze kuti achotse.

Anakwera kabaza mpaka pomwe msewu unathera, kenako anayamba wapansi. A Fakiri ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, koma pakamwa pawo sipanatope. Iwo ndi a Khalidi anasakira limodzi kuyambira ali anyamata, ndipo n'kudzera mwa iwo kuti a Khalidi anadziwana ndi a Mwanahalima. Anafotokoza za kale, mpanda usanabwere, pomwe ankalowa m'nkhalango ndi mfuti ya gogodera n'kumagona m'misasa m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Anati mlamu wawoyo anali wovuta kuyenda naye. Akapha nyama imodzi, ulendo watha, ngakhale zina zikudya poteropo. Yaikazi yokhala ndi mwana sankaiyang'ana n'komwe. Akawombera ankathamanga ndi mpeni kuti akaizinge ikadali ndi moyo, akutchula dzina la Mulungu wefuwefu, ndipo tsiku lina anathamangira m'chitedze n'kubwerera kumsasa akudzikanda ngati wamisala.

Zahra anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Anakumbukira malaya a bambo ake onunkhira utsi wa nyama yowamba, ndi masuku omwe ankatuluka m'matumba mwawo ataphwanyika theka. Tahiru ankayenda patsogolo, koma sanatalikire kwambiri moti n'kusamva.

Mpanda utabwera, a Khalidi anakapereka mfuti yawo ku boma osadandaula. Chomwe banja silinamvetse n'chakuti ulendo wa kumtunda sanausiye. Ankapemphabe kamba, n'kunyamuka chimanjamanja, n'kubwerako chimanjamanja. Ana awo ankangoti ndi ukalamba.

Atalowa m'thengomo kunja kunasintha. Kutentha kwa m'minda kunatsala kumbuyo, masamba ouma a mombo ankalira pansi pa mapazi awo, ndipo nkhanga zinathawira m'udzu. Anakhala pansi pa mkuyu, pafupi ndi kasupe, n'kumasula kamba uja. Kasupeyo anali wotchingidwa bwino ndi miyala mbali zitatu, mbali imodzi yotsetsereka mpaka m'madzi. M'matope a pamenepo munali mapazi a agwape ndi a mbawala.

A Fakiri anati pamene ankatseka mpanda, nyama zina zinatsalira kunja, ndipo minda itafika paliponse zinalibe kwina kobisala. A Khalidi ndiwo ankabwera kudzakolopola matope m'kasupemo chilimwe chilichonse.

Tahiru anatafuna makaka nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndamva, amalume. Koma ana anga sadya mapazi a gwape."

Zahra anayang'ana mchimwene wakeyo, n'kuona momwe anawondera, n'kuona kuti makaka ake anasiyako theka n'kuika m'thumba. Anamuuza za munda womwe amayi anamugawira iyeyo atakwatiwa, kuseri kwa mzikiti, womwe unkangomera udzu. Anati aulime, akolole, asamufunse chilichonse.

"Ndi waung'ono umene uja," anatero Tahiru.

"Ndikudziwa."

Anakambirana kwa kanthawi, mawu akukwera n'kutsika. Pamapeto pake Tahiru anati alima munda wa mlongo wakeyo, n'kuwonjezera kachigawo ka kumunsi kwa thengo komwe kunawauka kale ndi moto wa eni minda. Kumtunda kuno, kwa kasupe, sakhudzako chaka chino. Za chaka chamawa anati sangalonjeze, ndipo Zahra anavomera zomwezo.

Pobwerera anadzera njira ina, ya nyama, yodutsa pafupi ndi chulu chachikulu. Mwadzidzidzi Tahiru anapunthwa n'kugwira pansi ndi manja. Phazi lake linali litakodwa m'khwekhwe la waya watsopano, womangidwa patsinde la kamtengo. Wina anali atamva kale kuti mwini thengo kulibe.

A Fakiri anapukusa mutu. Anati a Khalidi ankadana nawo msampha umenewu, chifukwa nyama imafa yokha usiku wonse ikudzipotokola, popanda woitchulira dzina la Mulungu, ndipo kawirikawiri imawolera pomwepo. Kenako anakweza ndodo yawo n'kuloza kuseri kwa chulucho.

Panali mtengo wa muwanga. M'nthambi zake munali mawaya okulungidwa bwinobwino, ochuluka moti Zahra poyamba anayesa zisa za mbalame. Ena anali adzimbiri, ena khungwa linali litawameza kale.

"Ankawadziwa otchera onse," anatero a Fakiri. "Ena ankapemphera nawo mzere umodzi Lachisanu. Sanakanene aliyense, sanakangane ndi aliyense. Ankangomasula n'kudzakoleka apa."

Tahiru anakhala pansi n'kuvula waya uja kuphazi kwake. Anamumasula patsinde paja, anamukulunga pa dzanja mofanana ndi enawo, n'kupita pansi pa muwanga. Bambo ake anali aatali kuposa iye, ndipo nthambi yotsika kwambiri sanaifikire. Anakwera pachulu, anagwira tsinde ndi dzanja limodzi, n'kukoleka wayayo pakati pa anzake.