Dzanja la Mkamwini

Chaka cha 1959 tinkakulitsa malo oyeretsera madzi pa boma la Katete. Tinamanga thanki yachiwiri, n'kuika mapampu a magetsi m'malo mwa injini yakale imene inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Ine Feston ndinkakumba ngalande. Za mawaya zinali m'manja mwa Davison, mkamwini wa m'mudzi woyandikana ndi ntchito yathu.

Davison ankamukonda mkazi wake Ottilia, koma amayi a Ottilia, aGetrude, sankamufuna n'komwe. Ankati mkamwini wosagwira khasu ngongotha ufa. Mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, salankhulana. Davison anausunga zaka zinayi, kulowa patchire nthawi iliyonse akakumana nawo panjira.

Tsiku loyesa jenereta, waya wina wosupuka unakhudza mpanda wachitsulo. Tinadziwira galu wanga, amene anangogunda mpandawo n'kuuma pomwepo. Davison akuthamanga kuti akazimitse, anaona aGetrude akuchokera kudambo ndi nsalu zonyowa, kudzayanika pampanda monga ankachitira amayi onse.

"Inu! Inu! Imani!" anakuwa Davison.

AGetrude atazindikira mawu a mkamwini, anatembenuza nkhope monga mwa mwambo, n'kufulumira kulowera kumpanda komweko. Davison anawagwira pamkono n'kuwakoka, onse awiri n'kugwera m'matope.

Mlandu unakambidwa Loweruka. Ine ndinanyamula galu wanga wonunkha kale uja, n'kumuponya pakati pa bwalo.

"Onani! Uyu akanakhala mayiwa!"

ANikodemo, malume ake a Ottilia, anangolavula. "Galu ndi galu. Ife tikunena za mlongo wanga, wogwetsedwa pansi ndi mkamwini anthu akuona."

"Akanafa, bambo!"

"Bwenzi atafa ndi ulemu wawo. Magetsi anuwo ndani anawaitana kuno?"

Ndinapsa mtima mpaka ndinatukwana, ndipo mpaka lero sindinapepese. Anthu opusa! Ottilia analira, koma mbumba ili ndi mwini wake. Anamusudzula Davison tsiku lomwelo: bulangete, chikwama cha zitsulo zake, basi. Mkazi ndi ana awiri anatsala m'mudzi.

Mapampu anayamba kugwira ntchito mwezi wotsatira. Pampopi watsopano wa kunja kwa mpanda, woyamba pamzere anali aGetrude, ndowa ziwiri m'manja. Davison anali chogwada pafupi, akumanga nati ya pampopipo, ndipo mwa chizolowezi anadzuka kuti apatuke.

"Khalani, khalani," anatero aGetrude, akumuyang'ana m'maso mosaphethira. "Mwadzuka bwanji, aDavison?"

Aka kanali koyamba kumulankhula chikwatirire mwana wawo. Sanalinso mkamwini wawo. Davison anayankha moniwo, n'kuwatsegulira madzi.