Manambala a Pansi pa Ziro

Tinkawatcha a Chikwapu, ndipo dzinalo silinali lowanamizira. Anandiphunzitsa masamu ndili mtsikana. Patapita zaka ndinakhala mkulu wa aphunzitsi a masamu pasukulu yomweyo, iwo ali pansi panga, tsitsi mbuu, maso akuchita nkhungu.

Tsiku lina kunkabwera woyendera sukulu kudzaona ngati nkhalambayo ikadathabe kuphunzitsa. Akalephera, ntchito ithe, atulukenso m'nyumba ya sukulu imene anakhalamo zaka makumi awiri.

M'mawa a Chikwapu anandipeza mu ofesi, atanyamula pepala lachikasu ndi ukalamba.

"Mwana wanga, tandionerako. Maso angawa sakundithandiza."

Ndinaliona. Manambala awiri, a ndi b, onse a pansi pa ziro, ndipo a ndi wochepa kuposa b. Pansi pake analemba kuti sikweya ya a ndi yochepanso kuposa sikweya ya b. Funso lomweli! Ndili fomu fili ndinakweza mkono n'kunena kuti yankho limeneli n'lolakwika. Iwo anatsegula kumapeto kwa buku, kumene kumakhala mayankho, n'kundionetsa. Osindikiza ndiwo anaphonyetsa, koma kwa a Chikwapu zolembedwa kumapeto kwa buku zinali ngati mawu a m'Baibulo. Anandikwapula kasanu ndi kamodzi m'manja, anzanga akuwerenga mokweza.

"Zili bwino, aphunzitsi," ndinatero, n'kuwabwezera pepala lawo.

M'kalasi ine ndi woyenderayo tinakhala kumbuyo. A Chikwapu anayamba bwino, osanama. Anafika pa kutembenuza nambala, kuika wani pamwamba, nambalayo pansi.

"-5 ndi wochepa kuposa -2. Koma mukatembenuza, -1/5 ali pafupi ndi ziro kuposa -1/2, ndiye wamkulu ndi iyeyo. Chizindikiro chatembenuka. Tamvana?"

Woyenderayo anagwedeza mutu, nachonga papepala lake. Ndinamva nsanje, ndivomere.

Kenako a Chikwapu anakopera mzere wa masikweya uja pabolodi. Ana anayamba kulemba ngati nkhosa. Woyenderayo anali atawerama, akupukuta magalasi, ndipo zikanadutsa. Ndinakweza mkono monga kale.

"Pepani aphunzitsi, tithandizeni ife osadziwa. -5 kuchulukitsa ndi -5 ndi zingati?"

"25."

"Nanga -2 ndi -2?"

"4."

"Ndiye pabolodipo mukuti 25 ndi wochepa kuposa 4?"

Mwana wina kutsogolo anaphulika n'kuseka, ena onse n'kutsatira. A Chikwapu anayang'ana bolodi, nayang'ana pepala. Akanangofufuta n'kuseka nawo, bwenzi atapulumuka. Koma chizolowezi ndi matenda. Anatsegula kumapeto kwa buku, nalisendeza pafupi ndi mphuno.

"Koma buku likuti..."

"Mwaphunzitsa zimenezi zaka zingati, bambo?" anafunsa woyenderayo. Kenako analemba kwa nthawi yaitali.

Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma, ndipo kunakomadi. Musandifunse za chisoni, panalibe.

Masana kalata yowachotsa ntchito a Chikwapu inali itatuluka. Ndinawapeza mu ofesi akulongedza mabuku m'katoni ya sopo. Atandiona anamwetulira, n'kundigwira paphewa.

"Usadziimbe mlandu, mwana wanga. M'mawa muja unali pa changu, diso limaphonya. Ndipo unachita bwino kufunsa, ana asamaphunzire bodza. Iwe unali wanzeru chiyambire, ndimanyadira kuti unadutsa m'manja mwanga."

Sankakumbuka n'komwe. Zimenezo ndi zimene zinandipsetsa mtima kuposa chikwapu chenichenicho.

"Sindinaphonye, aphunzitsi. Ndinaona."

Dzanja linachoka paphewa pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ngati akuwerenga zilembo zing'onozing'ono.

"Oho," anatero.

Anamanga katoni yawo ndi chingwe, mfundo ziwiri. Ali pakhomo anatembenuka, chipewa chili m'manja.

"Ahedi akuti nyumba ija apatsa inuyo, mayi. Mungatilole kuti tigonemo mpaka Loweruka? Akazi anga sindinawauze."