Mbande za M'chipinda cha Pilira

Chisanu cha ku Lobi sichimvera chisoni mbande. Chaka chatha Esitere anadzuka m'mawa wina mu Juni n'kupeza tomato wake yense wa panazale atapsa ngati wathiridwa madzi owira. Choncho chaka chino anafesa m'machubu n'kuwalowetsa m'nyumba, m'chipinda chimene ankagona mwana wake Pilira asanakwatiwe. Anawandandalika pathandala pafupi ndi windo, ndipo mbande zinamera zobiriwira bwino.

Kenaka kunabwera tintchentche takuda. Akangothirira, tinkatuluka m'dothi ngati utsi. Mbande zina zinayamba kufota, ndipo atazula imodzi anapeza timphutsi toyera titamaliza mizu.

Mwamuna wake Gervazio anabwera kuchokera ku Boma ndi botolo la mankhwala opopera, n'kuliika patebulo.

"Mawa ndipopera, nkhani ithe," anatero.

"M'nyumba muno ayi, abambo a Pilira. Mwaiwala kuti mphumu yangayi inandigoneka m'chipatala chifukwa cha fungo lomweli?"

"Ndiye zitulutseni, ndikapopere panja."

"Kuti ndizilowetsenso zikununkha poizoni? Kapena zigone kunja zipse?"

"Nanga tizilomboti muzitola ndi zala?"

Esitere anatuluka panja. Anatenga kathumba, n'kuthiramo manyowa opsa bwino a kuseri kwa khola, n'kukanyika m'ndowa ya madzi. Ankatakasa tsiku ndi tsiku mpaka madziwo anada ngati tiyi wopanda mkaka. Ankadziwa kuti amenewa alimbitsa mizu, koma mphutsi saziopseza. Ndiye anakwera minibasi kupita kumsika wa ku Boma kwa Mwajuma, mayi wogulitsa zokometsera zakudya, amene ankaodanso mafuta a mtengo wa nimu, opha tizilombo, kuchokera ku Golomoti.

"Pang'ono pokha, achemwali," anatero Mwajuma pomupatsira kabotolo. "Muyambe mwasakaniza ndi sopo, apo ayi angoyandama pamwamba."

Pofika kunyumba mafutawo anali atagwirana ndi kuzizira, mpaka anachita kuwasungunula m'madzi ofunda. Atangotsekula, fungo ngati la adyo wovunda linadzaza nyumba yonse. Gervazio ananyamula mbale yake kukadyera pakhonde.

"Poizoni wanga munamukana. Uyu ndiye pafyumu?" anafuula ali kunjako.

Mawu amenewa anamupsetsa mtima Esitere, ndipo dzanja linalemera. Anathira mafuta ambiri m'madzi a manyowa aja n'kuthirira machubu onse.

Kutacha, mbande zonse za mzere wakuwindo zinali zitagwa, masamba atapiringizika. Esitere anaima pamenepo manja ali m'chiuno. Kumbuyo kwake anamva kuguguda kwa sipuleya yopopera mankhwala. Gervazio anali ataibereka kale kumsana.

"Mwaziona? Patukani ndipulumutse zotsalazo."

Esitere anatembenuka n'kutambasula manja pakhomo la chipindacho.

"Sindipatuka."

"Amayi a Pilira, musandichititse manyazi. Mbewu zimenezi tidyera tonse."

"Ndalakwitsa muyezo, ndikonza ndekha. Koma chifuwa chimene chidzabanike ndi changa, osati chanu. Mukafuna kupopera, yambani kupopera ineyo."

"Ndinu wamakani inu!"

"Eya, ndine wamakani. Ndipo nyumba ino ili pamalo a amayi anga."

Mawu omalizawa anatuluka okha. Gervazio anali mkamwini pamudzipo, ndipo pa zaka zonse za banja lawo Esitere anali asanamukumbutsepo zimenezo. Anaona nkhope ya mwamunayo ikugwa, mtima unamuwawa mayiyo, koma manja sanatsitse. Gervazio anatuluka n'kukapopera mbatatesi yake kudimba.

Tsiku lomwelo Esitere anatsukuluza machubu otsalawo ndi madzi okhaokha. Kenaka anayambanso: mafuta osadzaza n'kasupuni komwe, sopo pang'ono, madzi a manyowa osefa pa chitenje chakale. Anayamba wayesa pa machubu ochepa, ataona kuti sanapse anathirira onse. Anasiyanso kuthirira pafupipafupi, n'kumadikira kuti dothi liyambe lauma pamwamba.

Tintchentche tija sitinathe msanga. Sabata yoyamba tinkaulukabe ngati tikumuseka. Yachiwiri tinachepa. Pomwe mphepo ya mu Ogasiti inkayamba kufunda, ankati akafukula dothi ndi kamtengo osapeza mphutsi, ndipo mbande zotsalazo zinali ndi tsinde lonenepa.

M'nyumbamo anthu awiriwa ankalankhulana zofunika zokhazokha. Koma tsiku lowokera, Esitere atafika kudimba ndi dengu la machubu pamutu, anapeza Gervazio atayamba kale kukumba mapando. Bamboyo anasuzumira m'dengumo n'kupukusa mutu.

"Theka lokha ili. Tikanapopera bwenzi zonse zilipo."

"Mwina," anatero Esitere, akutula dengu. "Chaka chamawa ndidzafesa zambiri, m'chipinda momwemo. Mapandowa mwafupikitsa, tatalikitsaniko."