Chigawo Chamasiye

Teleza anatembenuza laputopu kuti mchimwene wake Bizwick aone yekha. Anali m'chipinda cha makompyuta pasukulu ya pa esiteti pomwe Teleza amaphunzitsa, fungo la tiyi likulowera pawindo kuchokera kufakitale.

Onse awiri anali m'gulu la anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana amene amalemba limodzi pulogalamu yaulere yoyendetsa makompyuta. Tsopano gululo linkafuna kuchotsa chigawo cha pulogalamuyo chimene chimayendetsa makina akale, ngati omwe anali ndandanda m'chipindamo. Popanda chigawocho, ana a Fomu 4 akanamaphunzira kompyuta pabolodi.

"Achimwene, nanunso mwavomereza zimenezi?"

"Ndavomereza," anatero Bizwick. "Tikangokonza zatsopano, chigawo chimenechi chimathyoka, ndipo amene anachilemba anapuma kalekale. Iwe Teleza, makina akowa akulira ngati chigayo cha ku Luchenza."

"Akulira, koma akugaya."

Bizwick anaseka, n'kuloza pa sikirini. "Werenga apa. Achilemba kuti n'chamasiye. Lamulo la gulu ukulidziwa: chopanda mwini chimachotsedwa."

Teleza anawayang'anitsitsa mawuwo. Mantha anali nawo ndithu. Anali asanasamalepo chigawo chilichonse payekha, ndipo akalakwitsa, dziko lonse likanaona dzina lake.

"Amayi atamwalira, atsibweni anayamba afunsa ngati tili ndi phindu? Si anangotinyamula kupita nafe kwa Mphuka?"

"Izo n'zina."

"N'zomwezo!"

Anakoka laputopu ija n'kulembera gulu lonse: "Chigawochi si chamasiye. Mwini wake ndine, Teleza Sitefano wa ku Thyolo. Makina oyesera ndili nawo. Chikathyoka, muzifunsa ine."

"Udzalira nacho," anatero Bizwick, "ndipo ine usadzandiimbire foni."

"Kodi ndakupemphani?"

Yankho la otsogolera gulu linafika ana akuweruka, ndipo linali lalifupi: chigawocho chikhala, malinga ngati mwini wake aziyankha madandaulo onse. Pansi pake anali atamatapo kale dandaulo loyamba, lochokera kwa mphunzitsi wina wa ku Peru amene makina ake ankangozima okha.

Bizwick anaimba likhweru. "Mbumba yako yayamba kukula, achemwali."

Teleza anayatsa kompyuta yokalamba kuposa zonse, anakoka mpando, n'kukhala pansi kudikira kuti idzuke.