Kamera ya Maso Awiri

Amuna anga a Efulemu anali ndi mitala. Mkazi wamkulu inali kamera, wamng'ono ndinali ine Felesiya, ngakhale ndine ndinayamba kulowa m'nyumbamo.

Kamerayo chinali chibokosi chakuda cha maso awiri, lina pamwamba lina pansi, chomwe anagula kwa mzungu wina wa kuesiteti ya fodya pamene ankabwerera kwawo. Pojambula sankaiika kumaso ayi. Ankaigwirira pamimba, n'kutsegula kachivindikiro ka pamwamba, n'kuwerama kusuzumiramo. Filimu yake inali yaikulu, yokulungidwa m'pepala, yotulutsa zithunzi khumi ndi ziwiri basi, zakuda ndi zoyera. Ankatsuka okha m'kachipinda komwe ine ndinkafuna kusungiramo chimanga. Zaka makumi awiri ndi zisanu, aliyense wa pa Mitundu wofuna chithunzi cha ukwati kapena cha ubatizo ankabwera kwathu.

Kenako kunabwera zipani zambiri, ndipo pamodzi nazo kunabwera Gilibati wa ku Nathenje, yemwe kale anali kondakitala wa minibasi. Kamera yake inali yokwana m'thumba la malaya, ndipo filimu imodzi inkajambula anthu makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi, m'mitundu. Sankatsuka yekha, ankangotumiza ku Lilongwe. Tsiku lililonse la msika ankafika pa Mitundu n'kukhala pabenchi yathu yomwe, wopanda ndi manyazi omwe, kudikira makasitomala athu. Awiriwo ankakangana mpaka malovu kuuma.

"Achimwene, dziko lasintha," ankatero Gilibati. "Anthu akufuna kuona kuti diresi linali lofiira."

"Lofiira lake liti?" amuna anga ankayankha. "Filimu yako ya m'bokosi lachikasu imafiiritsa munthu ngati wapsa ndi moto. Ya m'bokosi lobiriwira imabiriwitsa chimanga chomwe sichinaoneko feteleza. Zonse ndi zabodza, kungoti ina imanamira munthu, ina imanamira munda. Ndipo negetivi yako ili ngati sitampa. Ukaikulitsa, nkhope imasanduka phala."

Ankanena zoona, ndipo n'zomwe zinkanditopetsa. Munthu akhoza kunena zoona tsiku lonse, koma anthu onse akupita kwa mnzake. Munda wa fodya womwe anasiya apongozi anga unali utasanduka thengo, ndipo ine ndinkawakumbutsa m'mawa ndi madzulo.

Mwezi wa Marichi kunamveka kuti a Maliro, mlimi wamkulu wa fodya wa kwathuko, akuimira chipani china chatsopano ndipo akufuna chithunzi choika pamapepala a kampeni. Anati ojambula awiriwo ajambule, iwo adzasankha. Amuna anga ananditchula dzina la mwana wathu, zomwe ankachita akafuna kuti ndisayankhe.

"Mayi a Dorica, ndimvereni. A Maliro akasankha cha Gilibati, kamera iyi ndigulitsa, ndikagwire khasu. Ndalumbira."

Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinavina.

Tsikulo a Maliro anafika atavala jekete yawo yabuluu yomwe tonse tinkaidziwa kuyambira kale. Gilibati anawazungulira ngati ntchentche, thethethe, filimu yonse n'kutha madzi a tiyi asanawire. Amuna anga anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, n'kudikira mtambo kuti udutse, n'kuwatembenuza chibwano, n'kudikiranso. A Maliro anatuluka thukuta. Pamapeto pake amuna anga anajambula kawiri kokha.

Kenako chithunzi cha amuna anga chinatuluka. Chinali chokongola mochititsa mantha. Ukanatha kuwerenga imvi imodziimodzi. Ulusi wa jekete unkaoneka wonse. Ndipo pachifuwa chakumanzere panali kamalo kozungulira, kakuda kuposa nsalu yonse, kokhala ndi timabowo tiwiri ta pini. Dzuwa linali litasukulutsa jekete yonse kupatula pomwe baji ya chipani chakale inakhala zaka zambirimbiri. Ndi maso sunkakaona kwenikweni, koma kamera inakaona.

Musandimve molakwa, aliyense ankadziwa kuti a Maliro ankavala bajiyo. Ambirife tinkavala. Koma chaka chimenecho tonse tinagwirizana zoiwala, ndipo a Maliro ankauza misonkhano kuti iwo pachifuwa pawo sipanakhalepo kanthu.

"Bambo a Dorica, detsani pamenepo, asaone," ndinatero. Sindikudziwa chomwe ndinkawathandizira.

"Ine ndimajambula, sindipenta," anayankha.

A Maliro anabwera Loweruka n'kuyala zithunzi ziwirizo patebulo. Cha Gilibati chinali chosaoneka bwino, nkhope ili psuu, yosalala ngati ya mnyamata wa kusekondale, jekete yangokhala chinthu chabuluu. Anachiyang'ana n'kumwetulira. Atatenga cha amuna anga anaika chala chawo pachifuwa cha pachithunzipo.

"A Efulemu, luso muli nalo," anatero. "Koma anthu masiku ano akonda zamitundu."

Patangopita masiku atatu kunabwera amuna awiri pa njinga yamoto, anthu a munthu wina yemwe ankapikisana ndi a Maliro, wachipani chinanso chatsopano. Nkhani pa Mitundu siigona. Anapempha kuona chithunzicho, ndipo atachiona anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Madala, ichi ndiye chithunzi!" anatero wamkuluyo. "Tipatseni negetivi. Tichisindikiza chachikulu, tizunguliza mzere pamenepa, tichimata pamtengo uliwonse kuchokera pano mpaka ku Nathenje, dzina lanu lili pansi. Ndipo misonkhano yathu yonse muzijambula ndinu."

Ndinaona nkhope ya amuna anga ikuwala. Moyo wawo wonse ankafuna kuti wina anene mawu amenewo, kuti ichi ndiye chithunzi. Ndipo lumbiro lija likanatha, poti ntchito inali itapezeka. Apa ndi pomwe ndinadzidabwitsa ndekha. Ine yemwe ndinkafuna khasu ndinawakokera amuna anga kukhitchini n'kuwanong'oneza.

"Apatseni. Inu simunaname kanthu. Apatseni, musunge kamera yanu."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mayi a Dorica, munthu uja anakhala pampando wanga. Ndinamuuza kuti kwezani chibwano, anakweza. Ndinamuuza kuti musagwedezeke, sanagwedezeke. Munthu amene wakumvera choncho sungamupachike pamtengo."

Anatuluka n'kuwauza alendowo kuti ayende bwino. Mawa lake anaika negetiviyo mu envulopu n'kukaipereka kwa a Maliro, omwe anailandira pakhomo osawauza n'komwe kuti lowani. Mlungu womwewo nkhope yofiira ija inadzaza mitengo ndi zipupa zonse za pa Mitundu, ndipo amayi kumsika ankati a Maliro abwerera unyamata.

Wogula kamera anapezeka msanga, mphunzitsi wina wa ku Nkhoma wokonda zinthu zakale. Anagwirizana zokumana ku Nathenje Lachisanu. Ndinayesa kunena kuti lumbiro la m'nyumba silimanga munthu, kuti ndine ndekha ndinalimva ndipo ndaliiwala kale. Anandiyankha kuti m'dziko muno oiwala achuluka, iwo sawonjezerapo.

Lachinayi m'mawa anatulutsa filimu yomaliza m'kabati, nati siingakhale yongowonongeka. Anajambula chikwangwani cha pakhomo pathu. Anajambula benchi, mtengo wa mango, njinga yawo, mabeseni otsukira zithunzi. Mbuzi yathu inajambulidwa kawiri chifukwa koyamba inagwedeza khutu. Ine ndinkangoyang'ana ndili pamtondo, mkwiyo ukundikwera.

"Kwatsala chimodzi," anatero. "Mayi a Dorica, takhalani apa."

"Ndiye mbuzi iyambe, ine nditsirize?"

"Takhalani, dzuwa likuthawa."

Nditakhala pampandopo m'pamene ndinazindikira kuti sindinakhalepo chiyambire. Filimu inali ya makasitomala, ndipo ine ndinali wapakhomo, wopezeka tsiku lililonse. Ndinafuna kukasintha chitenje, anakana. Anasuzumira m'bokosi lawo nthawi yaitali, yaitali kuposa ya a Maliro. Anati ndikweze chibwano, ndinakweza.

Anatsuka masana omwewo, ndipo Lachisanu anakwera minibasi ndi kamera, n'kubwera chimanjamanja. Fodya analima, ndipo sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, zomwe zinkandipweteka kuposa akanamadandaula.

Chithunzicho ndili nacho m'Baibulo. Dorica amati ndichipachike pakhoma, ine ndimakana. Chinatuluka bwino kwambiri. Aliyense wochiona amandifunsa kuti tsikulo kunagwa zovuta zanji, ndipo ndimasowa powayambira kuwauza kuti ndi tsiku lomwe ndinapeza zomwe ndinkafuna.